Theka la Mutu Mumalilemba Pati?

Akatswiri a ziwerengero ali ndi njira yoyezera khama la munthu: amatenga zimene wapanga n'kuzigawa ndi maola amene wagwira ntchito. Ine ndine wometa tsitsi pano pa Boma la Lundazi, ndipo masamu amenewa andisowetsa tulo. Zimene ndimapanga ine ndi mitu. Tsono a bungwe la ziwerengero la ZamStats andithandize: magetsi akathima ndili pakati pometa, kumanzere kuli mpala, kumanja kuli thengo, mutu umenewo umalembedwa pati?

Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, madera ambiri ankakhala mumdima mpaka maola 21 pa tsiku. Chaka chimenecho ndinakolola matheka ochuluka moti mnzanga wogulitsa zipewa pafupi ndi ine anagula njinga yamoto. Chuma cha dziko chinakulira kwa iyeyo. Ine amene ndinkamutumizira makasitomala, manja ali kumutu, sindinatchulidwe pa wailesi ngakhale kamodzi.

Ndinayesa kuphatikiza matheka awiri kuti apange mutu umodzi. Eni mituyo anakana. Wina anali mphunzitsi, winayo wogula mtedza, ndipo aliyense ankati theka lakelo ndiye lofunika kwambiri.

Kunyumba nako kuli ofesi ya ziwerengero, ndipo bwana wake ndi mayi a ana anga. Iwo sagwiritsa ntchito kompyuta, amangosuzumira m'thumba la ufa. "Bambo a ana," amatero, "theka la mutu likugula theka la ufa, koma mimba za ana anuwa n'zathunthu." Lipoti lawo limatuluka madzulo alionse ndipo silichedwa.

Pena ziwerengero zimandikomera. Mu 2018 boma lathu analigawa, Chasefu ndi Lumezi n'kukhala maboma paokha. Ndinagona ndili wometa wamba, ndinadzuka ndili m'gulu la ometa otchuka m'boma lonse, chifukwa ondiposa ambiri anatsalira kutsidya kwa malire. Sindinanole ngakhale lumo. Chitukuko chotere ndimachikonda, sichitulutsa thukuta.

Ndikatopa ndimapita kukayang'ana Castle Hotel, imene bwanamkubwa Errol Button anamangitsa ndi thukuta la makolo athu. Ndimaizungulira mbali zonse ziwiri kufunafuna theka losatha, osalipeza. Ngati mmisiri, zimandiwawa.

Koma imvani, akuluakulu. Mu 2022 ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo ndinaomba nawo m'manja. Vuto n'lakuti mumakonda kuwerenga ndalama zimene zatuluka ku Lusaka, ife timawerenga zimene zafika. Bwerani mudzawerenge maola amene mayi amaima pa mpopi, mlimi amadikira ndalama za chimanga chake, wowotcherera zitsulo amakhala chete makina ali gone. Maola amenewo ndi moyo wa anthu, ndipo mukapanda kuwalemba mudzatcha anthu akhama kuti alesi.

Pakali pano mtengo wanga ndaukonza motere: mutu wonse mtengo wonse, theka theka la mtengo. Amene mwatsala ndi mbali imodzi bwerani cha m'ma 2 koloko usiku, pamene magetsi amakonda kutichezera. Mukandipeza ndikusinza musandidzutse, ndili pa ntchito yodikira.