Msomali Pamsana pa Njovu

Makolo athu, amene sanaone nyali ya magetsi kapena kumva kulira kwa foni, anatisiyira mawu akuti ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Ndipo popeza njovu masiku ano zinatsekeredwa ku Liwonde, ku Majete ndi ku Kasungu, kumene munthu wofuna kuikwera akapulumuka ku chitamba amakagwa m'manja mwa alonda a nyama, ndaona kuti n'koyenera kuwafunira anyamata athu chinthu china chapafupi chowamasulira mwambiwu, chosalira chilolezo cha boma, ndicho msomali.

Tengani msomali wa mainchesi 4, wonga umene akalipentala amakhomera mitengo ya denga, waya wopyapyala wa kopa wokutidwa bwino, ndi batire limodzi la m'tochi. Kulungani wayayo pamsomali mothithikana, kokwana 40 kapena 50, osabwerera m'mbuyo; palani nsonga zake ziwiri, ina muigunditse kumutu kwa batire, ina kutako kwake. Taonani tsono! Msomali uja, umene dzulo unali kuchita dzimbiri kuseri kwa nkhokwe osapatsidwa moni ndi wina aliyense, wayamba kuitana mapini, ndipo mapini akuthamanga. Chifukwa chake n'chakuti m'kati mwa chitsulo muli tizigawo ting'onoting'ono, kalikonse kokhala ndi mphamvu yokoka pakokha, koma toyang'ana uku ndi uku kotero kuti mphamvu zaketo zimaphana. Magetsi akayamba kuzungulira m'waya, tonse timatembenukira mbali imodzi, ndipo chitsulo chimasanduka maginito.

Koma chimene chimandikondweretsa koposa si msomaliwo ayi, ndi mapini. Pini yoyamba ikamatirira, nayonso imalandira mphamvu n'kugwira inzake, yachiwiri n'kugwira yachitatu, mpaka mzere walendewera. Ndipo pini yakumapeto, imene sinaonepo batire chibadwire, ndiyo imagwedezeka monyada kupambana zonse. Ndani saidziwa pini imeneyi? Ndi mlamu wake wa dalaivala wa bwana wamkulu, amene salowanso pamzere kubanki, amene pamaliro amafika mochedwa n'kuimitsa galimoto pakhomo penipeni pa siwa, amene wapolisi wa pamsewu akangokweza dzanja iye amatsitsa galasi pang'ono nati, "Achimwene, kodi mukudziwa amene mukuyankhula nayeyu?" Foni ili kale m'manja, chala chili pa nambala. Indetu munthu ameneyu sanama, pakuti mphamvu ali nayodi, ndipo wapolisi wanzeru amamulola apite. Cholakwa chake n'chimodzi chokha, kuti amayesa mphamvuyo inachokera m'mimba mwa mayi ake.

Chotsani tsono nsonga imodzi ya waya pa batire. Palibe kulira, palibe kalata yochenjeza, palibe mwezi wa notisi: mapini onse amagwa nthawi imodzi, ndipo yakumapeto ija, poti inali kutali, imakagwera m'fumbi kumene ngakhale tsache limailambalala. Kwathu kuno wayayu amachotsedwa pa zaka 5 zilizonse, tsiku la chisankho, ndipo m'mawa mwake mumamva kugwa kwa mapini kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ngakhale popanda chisankho, dziwani kuti waya wolumikizidwa motere amatentha msanga, ndipo batire limatha mphamvu m'kanthawi kochepa. Anyamata amene abwereka batire m'tochi ya bambo awo adzazindikira zimenezi usiku, bambowo akafuna kukaona chimene chikusokosa m'khola.

Nzeru imeneyi si yakale kwambiri. M'chaka cha 1820 mphunzitsi wa ku Denmark, Hans Christian Ørsted, anaona singano ya kampasi ikutembenuka pamene magetsi anali kuyenda m'waya woyandikana nayo; ndipo mu 1825 Mngelezi wina, William Sturgeon, amene anayamba ndi kusoka nsapato kenaka n'kulowa usilikali, anaonetsa anthu kachitsulo kolemera magalamu 200 okha, kokulungidwa ndi waya maulendo 18, kakunyamula katundu wa makilogalamu 4. Bambo ameneyu, amene anaphunzitsa chitsulo kukoka, ndalama zinakana kum'mamatira, ndipo anamwalira ali mmphawi mu 1850.

Ilipo njira ina, ya anthu oleza mtima. Wailesi ikafa, m'sipika mwake mumatsala maginito, aja ana amawamanga pachingwe n'kumakoka mumchenga kuti atole tizitsulo takuda. Tengani amenewo, mukhule nawo singano yosokera kuchokera kudiso kupita kunsonga, mukweze dzanja, mubwererenso kudiso, mobwerezabwereza mpaka mkono udandaule. Singanoyo, poti ndi ya chitsulo cholimba, imasunga chimene yalandira, ndipo mukaigoneka patsamba loyandama m'beseni la madzi imaloza kumpoto ndi kumwera popanda woiuza. Chokhacho, musakhule chopita ndi chobwera, pakuti chimene dzanja lamanga popita limamasula pobwera; mapanga awiri avumbwitsa, ndipo aphungu athu odumphadumpha m'zipani, amene anawalembera Gawo 65 la malamulo a dziko, akanayenera kupatsidwa singano asanalumbire. Komanso tisaitamande mopitirira singanoyi, chifukwa nayo mukaimenya ndi hamala kapena kuiponya pambaula imaiwala zonse: chitsulo chikatentha kufika madigiri 770 sichizindikiranso maginito, ngakhale akhale opangidwa ndi miyala yamtengo wapatali yonga ya m'phiri la Kangankunde ku Balaka.

Tiyeneranso kuuchitira chilungamo msomali wathu, pakuti waya akachotsedwa sutaya zonse. Kamphamvu kena kamatsalira, kokwanira kunyamula pini imodzi yopepuka ngati mwaiyandikiza mwaulemu. N'chifukwa chake bwana wakale, ngakhale foni yake inasiya kulira ndipo galimoto inakwera pamiyala, akafika pamaliro amamupatsabe mpando wapulasitiki, namutchula "olemekezeka" pamwambo wa malankhulidwe, ndipo mnyamata mmodzi, amene sanamve kuti zinthu zinasintha, amamunyamulirabe chikwama mpaka pa depoti ya minibasi.