Mabwato Awiri pa Doko la Bua

(Mkokomo wa mtsinje wa Bua utadzaza. Chapafupi wina akukhoma misomali.)

PHIRI: Odi apa! Aaa, pepani a Mwale, uthenga sunandipeze. Watisiya ndani?

MWALE: Watisiya ndani bwanji, aphunzitsi?

PHIRI: Nanga si bokosi la maliro mukukhomali?

MWALE: Mwayambatu m'mawamawa. Ili ndi bwato. Pansi pafulati, m'mbali motakata, m'mipata monse ndathira phula. Mawa ndikuwoloka ndekha kukatenga thumba la CAN kutsidya kwa Dowa. Fodya wanga wayamba chikasu.

PHIRI: Thumba la makilogalamu 50, kuphatikiza inuyo, m'chimenechi?

MWALE: Ndiponso nditaimirira. Taonani. (Kudumpha pa matabwa.) Lagwedezeka? Tabweretsani lanu lija mudakagula ku Nkhotakota muimiriremo tione.

PHIRI: Munthu wanzeru saimirira m'bwato.

MWALE: Munthu wanzeru salipira lole kuchokera kunyanja, kudutsa m'nkhalango monse muja, kunyamula chipika choti kulowamo kokha mpaka ana awiri akugwirireni. Kukamwa kwake kopapatiza, miyendo kuchita kupanikiza, inu kukhala pamwamba mukunjenjemera.

PHIRI: Ndi pamene pali nzeru pamenepo. Asodzi a kunyanja adapinda milomo ya bwato kulowetsa m'kati kuti funde la mwera lisathire madzi. Mimba yake ndi yobulungira. Pa doko limapendekeka uku ndi uku, inde, koma likapendekeka limafika pena n'kukana, n'kubwerera lokha. Lanuli ndi laulemu pa madzi ogona basi. Pansi pafulati pamatsata nkhope ya madzi. Madzi akapendekeka, nalo lapendekeka lonse. Ndiye likafika paja madzi othamanga akumana ndi madzi obwerera, kuseri kwa mwala, ngodya yakuthwayi imagwidwa. Silichenjeza. Mungomva kuti phava! CAN yense wasungunuka, fodya wa nsomba wabiriwira.

MWALE: Mwamaliza phunziro? Ndifunse funso, ndakweza mkono.

PHIRI: Funsani.

MWALE: Lachiwiri lapitali, mudatuluka pa doko lino kulunjika pa mkuyu uwo. Mudakatsikira kuti?

PHIRI: Ndinkayendera mtsinje.

MWALE: Munkakuwa, aphunzitsi. Amayi otsuka mbale adamva. Bwato lanu ndi lalitali, msana wake woongoka, lidazolowera kupita patsogolo kokha kufunafuna usipa. Kunyanja kulibe mwala woti muuzembe mwadzidzidzi. Kuno mudati mukhote, mutu udadutsa, mchira n'kukamenya mwala, madzi n'kulitembenuza. Mudatsetsereka cham'mbuyo mukupalasa nkhafi m'malere.

PHIRI: Koma sindidagubuduzike.

MWALE: Ayi, simudagubuduzike. Mudangopita. Bua ameneyu amakathira m'nyanja ku Nkhotakota komweko, ndiye bwato lidangoti mpata ndi uno, ndibwerere kwathu. Mpasa zikukwera mtsinje kudzaswana, aphunzitsi akutsika, mukupatsana moni panjira.

PHIRI: Sekani. Mathithi adagonjetsapo anthu oposa ife. M'chaka cha 1860, pa Zambezi, pa mathithi a Kebrabasa pomwe lero pali damu la Cahora Bassa, bwato la John Kirk, dokotala wa ulendo wa Livingstone, lidamenya thanthwe n'kugubuduzika. Zolemba zake, zojambula zake za mitengo ndi maluwa, zonse zidapita ndi madzi.

MWALE: Pepani kwa a Kirk. Bwato lawo lidali lotani?

PHIRI: Bwato basi.

MWALE: Lamatabwa kapena losema?

PHIRI: (Motsitsa mawu.) Losema.

MWALE: Sindidamve, mtsinje ukusokosera.

PHIRI: Losema, ndati!

MWALE: Ndiye mwabwera ndi mboni yodzakumangitsani nokha!

PHIRI: Mfundo yanga ndi yakuti madzi a pa miyala ndi ena. Chaka chotsatira, 1861, Livingstone sadayesenso. Boti lake adachita kunyamulitsa anthu kulambalala mathithi onse a Shire kuyambira pa Kapichira. Ndipo pomwe ankafika kwa Mwase kuno ku Kasungu mu 1863, adabwera wapansi.

MWALE: Wanzeru ndi ameneyo. Inu bwanji osatengera?

PHIRI: Imvani. Kunja kuli mabwato opangidwira madzi oterewa. Pa masewero a Olimpiki a ku Munich mu 1972 ndi pomwe adayamba kupikisana pa mathithi. Munthu mmodzi, nkhafi ya mbali imodzi. Masiku ano kabwato kake n'ka mamita 3.5.

MWALE: Kafupi! Ngati langa!

PHIRI: Osathamanga. Mutu ndi mchira n'zotukuka, pakati pokha ndi pamene pamakhala m'madzi, n'chifukwa chake kamazungulira pamalo amodzi. Lanuli mutu wake ndi khoma. Funde likabwera silikwera pamwamba, limangolandira mbama. Kenanso kawoko n'kotseka pamwamba, madzi salowa, ndipo kakagubuduzika mwini wake amakadzutsa ndi nkhafi ali momwemo. Saimirira ngati inu, amagwada.

MWALE: Kugwada ndiye ndingathe. Inu ndi mawondo anu aja, kutchalitchi komwe mumapemphera chikhalire.

PHIRI: Mawondo anga asiyeni. Bwanji simudaseme bwato lenileni, lalifupi, lotukula mphuno?

MWALE: Ndi mtengo uti? Tandilozereni mbawa kapena mlombwa woti munthu n'kukwanamo, kuchokera pano mpaka ku Santhe. Ine ndidakulira pa esiteti, ndinkaona mathirakitala akututa nkhuni usana ndi usiku kukawotchera fodya wa fuluu. Zotsala tidamaliza tokha ndi mapaso a zigafa. Mitengo ikuluikulu yatsalira ku paki ndi kumanda. Ku paki akumanga, kumanda mukudziwa nokha.

PHIRI: Apo ndiye mwanena zoona.

MWALE: Lembani tsiku, aphunzitsi avomera.

PHIRI: Ndavomera za mitengo, osati za bwato. Nanga matabwawa mwawapeza kuti? Ndi okhuthala bwino. Tadikirani. Tapendeketsani kuno.

MWALE: Phula silidaume, mudetsa malaya.

PHIRI: Pendeketsani! Penti yofiirayi... 4, 7... A Mwale, iyi si nambala yanga ya fodya?

MWALE: Manambala amafanana.

PHIRI: Ndidalemba ndekha, 7 wanga ndimamudula pakati! Awa ndi matabwa a bokosi la jeke yanga! Mudabwereka mwezi wa June kuti mudinde mabelo awiri otsala!

MWALE: Ndipo ndidadinda, zikomo kwambiri. Tsono linkangokhala, chiswe chikuliyang'ana.

PHIRI: Msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa ndidzadindira chiyani? Chipewa?

MWALE: Fodya adakali m'munda, aphunzitsi. Pofika April Bua adzakhala ataphwera, ndidzazula misomali, ndidzakubwezerani matabwa anu otsukidwa bwino.

PHIRI: Onyowa! Onunkha phula! Belo lidzangofika pa okushoni ogula n'kununkhiza kamodzi, labwezedwa!

MWALE: Ndiye mwati ligubuduzika, eti?

PHIRI: Ligubuduzika ndithu!

MWALE: Likagubuduzika ndiye kuti matabwa anu apita ku Nkhotakota. Mukawafuna, ndithandizeni lisagubuduzike. Mwati mphuno itukuke motani?

PHIRI: Ine ndikupita kwa amfumu.

MWALE: Pitani, koma ali kutsidya ku maliro. Mukwera liti?

PHIRI: (Kupuma mozama.) Chotsani thabwa lakutsogololo. Lisaime chilili, ligone chopendekera. Ngodya za m'munsizi muzipale ndi kasemasema. Ndipo thumbalo likagone pansi pakatikati, inu mutagwada kumbuyo kwake.

MWALE: Ndimadziwa kuti sukulu siitha m'mutu. Gwirani apa ndikhome.

PHIRI: Apa?

MWALE: Pomwepo. (Hamala: kho! kho! phwa!)

PHIRI: Mayo ine! Chala changa, a Mwale!

MWALE: Musagwedeze dzanja, msomali sudalowe.