Pakadapanda a Tembo

Akuluakulu adati atambwali sametana, amaopa kuchekana. Mwambiwu udapekedwa nthawi ya malezala, pomwe ukapereka mutu kwa mnzako umakhala waperekanso khosi. Lero ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo timameta ndi makina a magetsi, koma mwambi sunakalambe. Ometa awiri oyandikana mashopu, aliyense amalolera kukwera minibasi mpaka ku Area 25 kukametetsa kusiyana n'kukhala pampando wa mnzake wa khomo lachiwiri.

M'mababashopu momwemo ndimo mumakonzedwa mbiri ya dziko lino, makamaka magetsi akazima wina atametedwa mbali imodzi. Munthu wotere sangatuluke panja, ana angamulondole mpaka kunyumba. Ndiye amangokhala pampando, nsalu ili m'khosi, theka la mutu likunyezimira, n'kuyamba ndale. Ndipo kuno kwa tambala wakuda, nkhani ikafika pa "pakadapanda", dzina lotuluka ndi la malemu John Zenus Ungapake Tembo, JZU wa ku Dedza.

"Akulu, pakadapanda a Tembo, Kongeresi ikadabwerera m'boma 2004," amatero wina, wometa n'kuvomereza ndi mutu chifukwa kasitomala sanalipire.

Masamu ake ndi osavuta. Pa chisankho cha pa 20 Meyi 2004, Bingu wa Mutharika wa UDF adapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 aliwonse. A Tembo adabwera achiwiri, Gwanda Chakuamba wa Mgwirizano wachitatu, ndipo mavoti a awiriwa mukawaphatikiza amapitirira theka. Chaka chimodzi chokha m'mbuyomo anthu awiriwa adali m'chipani chimodzi, wina pulezidenti, wina wachiwiri wake.

Kuti mumvetse chifukwa chake lezala lidakanika, onani kumene aliyense adachokera. A Tembo adali nduna ya zachuma, kenaka gavanala wa Reserve Bank kuyambira 1971 mpaka 1984, malume ake a Mama Cecilia Kadzamira, komanso omasulira mawu a Ngwazi pamisonkhano. Kamuzu akayankhula Chingerezi, chimene agogo athu ankamva chinali Chichewa cha a Tembo. Gwanda, Mbuya wa ku Nsanje, adaponyedwa m'ndende mu 1980 ndi boma lomwelo, n'kutuluka mu 1993. Atangotuluka, nsabwe za kundende zisanathe n'komwe, adapatsidwa ulembi wamkulu wa chipani, ndipo mu 1994 ndiye adaima pambali pa Kamuzu ngati wachiwiri. Taganizani, mwakhala mukunyamula chikwama cha bwana zaka makumi atatu, mpando n'kupatsidwa munthu amene dzulo amadya mgaiwa wa akaidi.

Mu 1999 Gwanda adatenga Chakufwa Chihana wa AFORD kukhala wachiwiri wake, a Tembo n'kutsala pabenchi, ndipo Gwanda adapeza 45 pa 100 pomwe Bakili Muluzi wa UDF adapeza 52. Chaka chotsatira chipani chimodzi chidachita misonkhano ikuluikulu iwiri, wina ku Blantyre, wina ku Lilongwe, uliwonse n'kusankha pulezidenti wakewake. Makhoti adatopa nawo. Mu 2003 a Tembo adatenga chipani, Gwanda n'kunyamula katundu kukayambitsa Republican Party.

Tsono wa theka la mutu uja amapitiriza ulusi wake, ndipo apa mpamene pamakoma. Pakadapanda a Tembo, Gwanda akadaima ndi tambala, chigawo chapakati chikadamuvotera monga chidachitira 1999, kumpoto n'kuwonjezera, Bingu n'kubwerera kwawo ku Thyolo. Popanda Bingu palibe DPP, imene adaiyambitsa mu 2005 atathawa m'nyumba ya a Muluzi. Popanda Bingu, Joyce Banda sakadalowa ku State House mu 2012, Peter, mng'ono wake wa Bingu, sakadasiya kuphunzitsa malamulo ku America, mlandu wa Tippex wa chisankho cha 2019 sukadakhalako. Mwachidule, munthu mmodzi wa ku Dedza pokana kumetedwa adabereka chipani cha buluu. A DPP akadakhala anthu oyamika, bwenzi chithunzi cha JZU chili pakhoma la ofesi yawo.

Ine ulusiwu umandisangalatsa, koma sindiugula wonse. Choyamba, Gwanda amene tikumuika pampandoyu ndi yemwe uja adalengeza kuti wamuberedwa mu 2004, patangopita masabata ochepa n'kusaina mgwirizano ndi omuberawo, mu 2005 n'kukhala nduna ya zaulimi ya Bingu, chaka chomwecho n'kuchotsedwa. Munthu wotere simungalumbire kuti Lachisanu adzagona m'chipani chimene adadzukamo Lolemba.

Chachiwiri, ndipo apa ndipo pali nkhani yanga, timayankhula ngati utambwali udali katundu wa a Tembo okha, woti adapita nawo kumanda mu Sepitembala 2023. Chotsani a Tembo m'mbiri, mawa lake kukadamera tambwali wina ku Dowa, ku Kasungu kapena ku Ntchisi, wonena kuti chipani cha Ngwazi sichingayendetsedwe kuchokera kuchigwa cha Shire. Umboni uli pakhomo pathu. Banki mkhonde ya amayi ku Area 23 imayamba ndi anthu makumi awiri, pofika nthawi yogawana ndalama yasanduka mabanki awiri chifukwa cha woti asunge kiyi wa bokosi. Anyamata a kabaza pa siteji imodzi kwa Mgona ali ndi matcheyamani awiri, aliyense ndi kope lake la chindapusa. Mpingo umagawanika, theka n'kukachita lendi kalasi kusukulu ya pulayimale, nyimbo zake zomwezo, kungowonjezera mawu akuti International pachikwangwani. Anthu amenewa ndi omwe amadabwa kuti a Tembo ndi Gwanda adalephera bwanji kugwirizana.

Komanso tisaiwale kuti a Tembo adayesapo kumetedwa. Mu 2009 a Muluzi ataletsedwa kuimanso, adauza anthu awo kuti avotere JZU, munthu amene boma lawo lidamuimika m'khoti mu 1995 pa mlandu wa ku Mwanza, womwe khoti lidamupeza wosalakwa. Adakwera nsanja imodzi, chikasu ndi tambala pamodzi, akumwetulirana ngati apongozi pa chinkhoswe. Zotsatira zake, Bingu 66, a Tembo pafupifupi 31. Mavoti si tomato woti mungophatikiza milu iwiri n'kudzaza beseni. Wa UDF ku Mangochi amene adakula akuuzidwa kuti Tembo ndi woopsa sakanasintha mtima chifukwa cha msonkhano umodzi.

Mu 2013 mkuluyo adasiya mpando, chipani n'kutenga Lazarus Chakwera kuchokera pa guwa la Assemblies of God. Kumetana kwenikweni kudabwera mokakamiza. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu atafafaniza chisankho cha 2019, adanenanso kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka. Za kulowa m'boma ndi 36 zidathera pomwepo. Atambwali adayenera kukhazikana pampando, diso limodzi pagalasi, lina padzanja la mnzawo, ndipo Tonse ya Chakwera ndi malemu Saulos Chilima idapeza pafupifupi 59.

Sizinakhalitse. UTM, chipani cha Chilima, idatuluka mu Tonse mu 2024, ndipo pa 16 Sepitembala 2025 iyo ndi Kongeresi adapita kukaponya voti aliyense payekha. Wopambana adali Peter Mutharika, mng'ono wake wa Bingu uja adalowa ndi 36.