Ulemu kwa Firizesi, Chipatso cha mu Firiji

Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa kuti zakudya zili m'magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zamafuta ndi zipatso. Anawerenga bwino ndithu, kungoti sanafike ku Chiputula mumzinda wa Mzuzu mwezi wa Okutobala ana akuweruka kusukulu. Akanapeza gulu lachisanu ndi chiwiri lili ndundundu mu cooler box, lofiira, lachikasu, lobiriwira, ana atalizinga ndi timakobiri m'manja. Ameneyo ndiye firizesi, ndipo nthawi yakwana yoti timupatse ulemu wake.

Taonani ufulu umene anabweretsa. Nthochi ya ku Nkhata Bay imafuna munthu aibzale, aidikire, aikweze galimoto n'kukwera nayo zitunda zonse zija mpaka ku Mzuzu, ikangofika n'kuyamba kuda. Mango amabwera ndi mvula yoyamba, pofika Febuluwale atitaya osatsanzika n'komwe. Firizesi alibe nyengo. Lalanje lake silinapachikikepo panthambi, chinanazi chake sichinabayepo munthu, ndipo mphesa zake zinabadwira m'kapaketi ka ufa wa juwisi. Mlimi wake safuna feteleza wa makuponi. Ndowa, mpopi, shuga ndi firiji, munda wonse ndi umenewo.

Ena amanyoza kuti mulibe chilichonse chothandiza thupi. Bodza. Muli madzi, ndipo thupi la munthu kuposa theka ndi madzi. Muli shuga, amene galamu imodzi imapereka makalori 4. Mafuta mulibe, chinthu chimene mabwana amawonongera ndalama zambiri kuti achipewe, pomwe mwana wa ku Chiputula amachipewa osadziwa. Zomanga thupi namonso mulibe, koma firizesi sanalonjezepo kuti ndi usipa. M'chaka cha 2015 bungwe la WHO linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya asafike pa 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amadya patsiku, ndipo zikanakhala bwino akanachepera pa 5 peresenti, omwe ndi masipuni aang'ono pafupifupi 6 kwa munthu wamkulu. Anthu ambiri amavutika kuwerengera zimenezi. Firizesi amathandiza mwana kukwanitsa mlingo wake belu lomaliza lisanalire, tiyi wam'mawa uja tisanamuwerengere.

Vitamini namonso alimo, musaseke. Kuyambira 2012 shuga wa ku Dwangwa ndi ku Nchalo amathiridwa vitamini A, woteteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha m'thupi. Choncho firizesi wa lalanje alibe vitamini wa lalanje, koma ali ndi kadontho ka vitamini amene anaikidwa ku fakitale ya nzimbe. Ndi chipatso chiti china chimene thanzi lake linachita kukambidwa pamsonkhano wa boma?

M'banja lililonse simulephera wodzikuza. Kuno ndi firizesi wa malambe. Iyeyu ali ndi chipatso chenicheni, chochokera kumadera otentha monga Karonga ndi Salima, ndipo ufa wa malambe uli ndi vitamini C wochuluka. Amawononga mbiri ya anzake pokhala chakudya. Mwamwayi mtundu wake ndi wotuwa, sasiya chizindikiro palilime, ndiye ana odziwa zinthu amamudumpha.

Pakuti ulemerero wonse wa firizesi uli palilime. Mwana akadya nsima ya nyemba palibe mnzake angadziwe. Akatsopa wofiira, kalasi yonse imaona umboni mpaka madzulo. Utoto wa zakumwa zotere umakhala ndi maina apamwamba, monga tartrazine ndi sunset yellow. Ku Ulaya, kuyambira 2010, chakudya chokhala ndi utoto umenewu chimayenera kulembedwa chenjezo loti chingasokoneze chidwi cha ana. Firizesi wathu ndi wodzichepetsa. Pathupi pake salembapo dzina, salembapo tsiku lothera ntchito, saopseza munthu ndi zizungu.

Ndi wokhulupirikanso. Chilichonse chimene chinali m'madzi amachisunga bwinobwino mpaka chifike kwa mwini wake, chifukwa kuzizira sikupha tizilombo, kumangotigoneka. Madzi akakhala a kumpopi ochokera ku damu la Lunyangwa, manja osamba ndi sopo, ndowa yovundikira, mwana amalandira zimenezo. Akakhala a pachitsime choyandikana ndi chimbudzi, amalandiranso zimenezo, osapungula kanthu. Amene akukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, amadziwa chifukwa chake mayi wanzeru amafunsa kaye kuti mafirizesiwa apangidwa kunyumba kwa ndani. Magetsi akazima, firizesi amasungunuka mwakachetechete, akayaka n'kuumanso ngati sipanachitike kanthu, ndipo wogula sauzidwa kuti wamwalira n'kuuka kangati.

Chovala chake ndiye chosafa. Mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 analetsedwa mu 2015, Khoti Lalikulu la Apilo n'kugwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma kajumbo koboola ndi mano pangodya kamapezekabe m'ngalande, kakudikira mvula ya ku Mzuzu, imene sichedwa.

Komabe akatswiri akhala akuyeza munthu wolakwika. Amayang'ana mwana wotsopayo, m'malo moyang'ana mphika wa mayi wogulitsa. Mayi uja amadzuka kusanache, kumanga timajumbo kamodzikamodzi mpaka zala kuchita dzanzi, kenako n'kukakhala padzuwa pafupi ndi geti ya sukulu kapena pamsika. Madzulo timakobiri tija timasanduka mulu wa usipa, tomato, kabotolo ka mafuta, mpiru ndi kope la mwana wa sitandade 5. Magulu onse a zakudya amene firizesi alibe amawagulira banja lina. Umboni wake umaoneka mu Juni ndi Julayi, chifunga chikakuta Mzuzu, anthu atavala majuzi awiriawiri: cooler box imabwerera kunyumba yodzaza, ndiwo n'kuchepa m'mbale.

Choncho ndikupempha khonsolo ya mzinda wa Mzuzu kuti imumangire chipilala pamphambano ina ku Chiputula, chofiira, chotalika kuposa munthu. Mwambo wochitsegulira udzachitike mu Julayi, m'mawa, ndipo mlendo wolemekezeka asadzatalikitse zolankhula, kuopa kuti mwini mwambo angasungunuke.