Dansi ya pamphasa

Chiyambire 2020, pomwe Covid-19 inatseketsa malo azisangalalo, oyimba athu anaphunzira kuyimbira foni. Dansi yomwe kale tinkalipira pakhomo, lero imatipeza tili gone pamphasa, Facebook ili m'manja.

Vuto ndife oonera. Kale ukafuna nyimbo unkakuwa, mawu ako n'kumira m'phokoso la ng'oma. Pano aliyense ali ndi pakamwa. Loweruka lapitali mnyamata wina ankayimba nyimbo yolira mayi ake omwe anatisiya, misozi ili mbwembwembwe, koma kunsi kwake mauthenga ali ndondondo ngati linthumbu: "Tikuonera ku Joni kuno." "Jeketeyo munagula kuti, achimwene?" "Mundiperekereko moni kwa alamu anga ku Ndirande." Wina anangolengeza kuti akugulitsa nkhuku zoyera.

Woyimbayo, poopa kukhumudwitsa omutsatira, anaima pakati pa vesi n'kuyankha za jekete: ndi yapakaunjika.

Nambala za Mpamba ndi Airtel Money zinali pakona, zooneka bwinobwino. Timitima tofiira tinauluka tambirimbiri, koma timitima sagulira ufa. Ineyo ndinali pafupi kutumiza kangachepe, Mulungu ndi mboni, bandulo n'kundithera.