Zimene zalowa pa mayeso a GRE pakhomo pathu

Mwana wathu woyamba anamaliza digiri ya zaulimi, ndipo akufuna kukapitiriza maphunziro ku America. Sukulu zina mwa zimene wasankha zikufuna zotsatira za GRE. Zimene zatuluka m'nyumba muno chifukwa cha mayesowa ndi izi.

Kulembetsa: $220, zopita ku ETS, bungwe la ku Princeton, New Jersey, limene limakonza mayesowa. Makwacha salandira. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, dola ku banki ili pamwamba pa K1,700, ndiye kuti mayeso okhawo apitirira K370,000. Ku banki anati madola palibe, tidikire. Analipira ndi malume ake a ku Johannesburg pa khadi lawo, ife n'kupereka makwacha kwa agogo kumudzi pa mtengo umene tinagwirizana, wokwererapo. Mbuzi ziwiri zapita.

Mndandanda wa mawu ovuta achingerezi, wochita kufotokopa: mtengo wa ndowa ya chimanga. Ndalama iyi ndimaidandaula. Gawo la mawu lili ndi mafunso 27 m'mphindi 41, malikisi ake kuyambira 130 mpaka 170, ndipo safunsa tanthauzo la liwu lili lokha. Amakupatsa ndime yokhala ndi mipata, nthawi zina itatu, ukaphonya umodzi funso lonse lapita. Pena amafuna mawu awiri mwa asanu ndi limodzi amene angapatse chiganizo tanthauzo lofanana. Woloweza mndandanda amalizindikira liwu, koma sadziwa pamene limakhala.

Makadi: ziro. Anadula makatoni a sopo ndi sizasi, liwu kutsogolo, kumbuyo chiganizo chonse chimene analipezamo powerenga. Amawamanga ndi mphira m'mitolo itatu: odziwa, okayikitsa, okanika. Amakhala m'chitini cha mkaka pamwamba pa kabati, ndipo ena akununkhirabe sopo. Mng'ono wake amamufunsa madzulo uku akusadzula masamba. "Achemwali, ili munalakwanso dzulo." Khadilo limabwerera ku mtolo wachitatu.

Bandulo ya intaneti: mwezi ndi mwezi, kuwirikiza kawiri ya masiku onse.

Nkhani yolemba. Kuyambira September 2023 imakhala imodzi yokha, ya mphindi 30, malikisi kuyambira 0 mpaka 6. Mitu yonse imene angasankhepo ETS anaiika poyera pa intaneti, yaulere. Ife tinangolipira kusindikiza. Chodula chinali china. Mwanayu maganizo ali nawo, koma anakulira bolopeni, ndipo pa kompyuta ankataipa ndi zala ziwiri. Pulogalamu ya pamayeso sikukonzera sipelo. Tinabwereka laputopu kwa mnzanga wa kuntchito, batire lake lakufa, moti magetsi akangothima nkhani inkathera pakati pa chiganizo. Batire latsopano: ndalama ya malata atatu a khitchini, imene idikire chaka chamawa. Apa sindidandaula ngakhale tambala.

Woyang'ana nkhanizo: aphunzitsi achingerezi opuma ntchito a kutchalitchi kwathu. Ndalama anakana. Nkhuku imodzi, shuga mapaketi awiri. Anamuuza kuti, "Mwanawe, sankha mbali m'ndime yoyamba, upereke chitsanzo chimene ukuchidziwadi, kenaka umuyankhe wokutsutsa asanatsegule pakamwa." Pa mutu wonena za mmene boma liyenera kugwiritsira ntchito ndalama, analemba za makuponi a fetereza, ndipo nkhani imeneyo ndi imene anaibweza yopanda inki yofiira yambiri.

Makandulo ndi mabatire a tochi: sabata iliyonse.

Mayeso oyeserera a PowerPrep: aulere. Kutumiza zotsatira ku sukulu zinayi pa tsiku la mayeso: ulere. Yachisanu njolipira, choncho wasankha zinayi.

Zopanda lisiti. Ana a Fomu 4 amene ankawaphunzitsa masamu madzulo wawasiya, ndipo ndalama imene inkagula ndiwo za mkati mwa sabata yaima. Mphika wa usiku ndi mbale zagwera mng'ono wake, amene nayenso ali ndi homuweki yake. Ngongole iyi ndailemba ndi dzina lake, ndipo tidzaibweza nthawi yake ikadzakwana. Wailesi imatsekedwa tikangodya. Bambo ake mpira amakamvera kwa aneba. Alendo timachezera nawo panja.

Kubwereza: amalola pakapita masiku 21, koma ndi $220 ina. Pakhomo pano palibe. Zotsatira zimagwira ntchito zaka 5.

Makolo anzanga, musanagulitse chiweto, mwana alembere kaye sukulu iliyonse imene akuifuna, afunse ngati ikufunabe GRE, chifukwa zambiri zinasiya kuifuna. Ikati inde, sungani ya madola choyamba, ya batire kachiwiri. Makatoni a sopo muli nawo kale.