Ulemu kwa Resitihausi ya Kuseri kwa Depoti

Mahotela a nyenyezi zinayi ali nawo kale owaimbira. Zikwangwani zawo zaima m'mphepete mwa misewu, ndipo aliyense amene wagonamo usiku umodzi pa ndalama za msonkhano wa kuntchito amajambula bedi n'kuponya pa Facebook. Resitihausi ya kuseri kwa depoti palibe anaijambulapo. Anthu amalowamo kutada, n'kutulukamo kusanache, ndipo akafika kwawo amati anagona kwa m'bale. Kusayamika kotereku kwandikwana. Lero ndiima kumbali ya nyumba yonyozekayi, ya zitseko zolembedwa manambala ndi penti, chifukwa ndiyo yasenza ulendo wa Mmalawi wamba kuyambira kalekale.

Taonani amene imawalandira. Mayi wa geni wopita kukaoda zitenje ku Kyela, amene dzuwa lamulowera ali pa Karonga, boda ya Songwe akaiona mawa. Mnyamata wa ku Nsanje woitanidwa ku intavyu ku Lilongwe, jekete lobwereka lili m'jumbo. Bambo wodikira Ilala pa Nkhata Bay kuti awolokere ku Likoma, sitima imene yakhala pa nyanja yathu kuyambira 1951, ndipo pa msinkhu umenewo palibe mwana angaiuze nthawi yofikira. Wa ku Joni amene basi yake inyamuka pa Wenela m'mawa. Pa Wenela pomwepo agogo athu ankasonkhana podikira ulendo wa ku migodi ya golide, mpaka 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuimitsa ntchito yolemba anthu opita kumeneko. Zidzukulu zikulowerabe kummwera komweko, ndipo usiku womaliza m'dziko lawo zimauthera pa matiresi a resitihausi.

Ulemu woyamba upite ku buku la pakauntala. Lili ndi mizere ya dzina, kochokera, kopita ndi ntchito, ndipo ndi limodzi mwa mabuku a nthano opambana amene dziko lino latulutsa. M'menemo aliyense ndi wabizinesi. Onse obwera awiriawiri ndi apabanja, ngakhale bambo akuchita kunong'oneza mayiwo kuti dzina lanu paja ndani. Achemwali a pakauntala sadabwa kanthu. Amawerenga ndalama, amakupatsani kiyi womangirira ku chithabwa chachikulu moti simungapite naye kwanu moiwala, kachidutswa ka sopo, ndi masilipasi, imodzi yofiira inzake yabuluu. Musaganize kuti n'kusalongosoka. Ndi nzeru za chitetezo, chifukwa palibe wakuba wodzilemekeza angayende nawo mumsewu masana.

"Madzi akutuluka, achemwali?"

"Abwera, abwana."

Sananame. Tsiku lokha ndi limene sanatchule.

Chipinda chake sichilonjeza zimene sichingakwanitse. Bedi, mpando umodzi, msomali wa pakhoma wopachikapo malaya, kandulo wotsala theka poti magetsi ali ndi maulendo awoawo, basi. Kuseri kwa chitseko kuli pepala la malamulo lokuuzani nthawi yotulukira ndi kukukumbutsani kuti katundu akasowa mlandu ndi wanu. Ndani winanso masiku ano amakuuzani zoona ndalama mutapereka kale? Matiresi ali ndi dzenje pakati, lokumbidwa moleza mtima ndi misana ya amene anakutsogolerani, ndipo mukangogona limakufungatirani, kugubudukira pansi kulibe. Neti ilipo, pamodzi ndi zibowo zake. Udzudzu ukalowa suonanso potulukira, motero mumachezera limodzi mpaka kucha, aliyense pa ntchito yake. Soketi ndi imodzi, ili kuseri kwa bedi, ndipo imagwira pokhapokha mutachirikiza tchaja ndi nsapato. Loko wa pachitseko anathyoledwapo n'kukonzedwa, n'kuthyoledwanso. Anthu oyenda amadziwa chochita: mpando amaukankhira kuchitseko, ndalama amaika m'sokosi, sokosiyo n'kugona ataivala.

Koma mphunzitsi wamkulu ndi khoma. M'maresitihausi ambiri khoma la pakati limathera panjira osafika kudenga, ndipo pampata umenewo pamadutsa maphunziro aulere. Pofika pakati pa usiku mumakhala mutadziwa mtengo wa ndowa ya usipa ku Nkhotakota, mmene randi ikusinthidwira pa boda ya Mwanza, chimene chikuthetsa banja la m'chipinda nambala 6, ndi mayina a ziwanda zonse zimene abusa a nambala 8 akutulutsa pafoni. Kuhotela yodula munthu amagona osadziwa n'komwe kuti woyandikana naye ndi wa mtundu wanji. Umenewo ndi moyo wanji? Kuno mkonono wa mnzako ngwako womwe.

Tsopano tivule zipewa, tafika kwa eni nyumba. Makolo anati nsikidzi zinalowa ndi alendo, koma pa resitihausi mwambiwu unatembenuka kalekale: mlendo ndinu, nsikidzi ndi mbadwa. Mtundu wawo ndi wakale kuposa maufumu ambiri, poti ofukula zakale anapeza zotsalira zawo ku Amarna m'dziko la Egypt, za zaka zoposa 3,000. Siziuluka, sizidumpha, ndipo siziimba m'khutu ngati udzudzu wosaleredwa bwino uja. Masana zimakhala phee m'misoko ya matiresi ndi m'ming'alu ya bedi. Nyali ikazima zimalondola kutentha kwa thupi ndi mpweya umene mukupuma, ndipo poluma zimathira malovu ochititsa dzanzi kuti musamve kuwawa ntchito ili mkati. Ndi wokhometsa msonkho uti anakuganiziranipo chonchi? Akatswiri a zaumoyo amati palibe umboni woti zimafalitsa matenda kwa anthu, pamene udzudzu ukadya umasiya malungo. Nsikidzi zimangotenga gawo lawo n'kusiya lisiti pamkono, timatuza tondondozana bwinobwino. Alendo akasowa zimatha kukhala miyezi osadya, osadandaula, osachita zionetsero, kungodikira kuti msika wa fodya utsegulidwe ku Kanengo ndi ku Limbe, alimi adzaze mabedi.

Azungu anayesa kuthana nazo. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mankhwala a DDT anazichepetsa kwambiri ku Ulaya ndi ku America, mpaka m'badwo wathunthu unakula ukungozimva m'nkhani za agogo. Zinabwerera zitaphunzira kupirira mankhwala, ndipo mu 2023 zinagwedeza mzinda wa Paris. Masukulu ena anatsekedwa, anthu ankaopa mipando ya m'sitima ndi ya m'nyumba zoonetsera kanema, nkhani inakafika m'nyumba ya malamulo, masewera a Olympics a 2024 ali pakhomo. Kuno sitinavutitsepo nduna ndi nkhani yotere. Mwini resitihausi amayanika matiresi padzuwa, amathira madzi owira m'mfundo za bedi, nsikidzi zimasamukira ku nambala 4 kwa sabata imodzi, kenako aliyense amabwerera pamalo pake mwamtendere. Choncho wolumidwa kuseri kwa depoti asadziderere. Walandira zomwe amalandira a ku Paris, popanda viza.

Za kubafa tisachedwepo. Shawa ilipo pamwamba, yokumbutsa masiku abwino, koma madzi ali mu ndowa. Chitseko chilibe chotsekera, n'chifukwa chake wosamba amayenera kuimba kapena kutsokomola mosalekeza, ndipo ndikukhulupirira kuti makwaya athu apindula nazo. Kuchimbudzi munthu amapita ndi pepala lakelake ndi mtima wolimba. Madzi otentha ali m'manja mwa mlonda, mkulu wa chikhoti chofika m'mawondo ndi chibonga, amene amasonkha moto pansi pa mgolo kuseri kwa nyumba. Mupatseni ulemu madzulo, ndi ya tiyi pang'ono, chifukwa m'bandakucha wa mwezi wa Juni ku Mzuzu kapena ku Dedza palibe bwana woposa iye.

Otsutsa adzati ndikutamanda umphawi. Apite kwa Chembe ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay akaone okha. Kumeneko achinyamata a ku Ulaya, atalipira tikiti ya ndege yokwana kumangira nyumba, amasankha dala kugona anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, pa mabedi osanjikizana amene ife tinatsanzikana nawo ku sekondale yogonera komweko. Amachapa okha, amaphika okha m'khitchini ya onse, amalemba dzina pa botolo la mkaka mu fuliji, wina n'kumwabe. Wa pabedi lapamwamba akatembenuka, wapansi amadzuka. Wina amalowa usiku ndi tochi ya pamphumi kufunafuna mswachi m'majumbo asanu osokosera. Khalidweli lili ndi mwini wake, Richard Schirrmann, mphunzitsi wa ku Germany amene mu 1909 chimvula chinamupeza ali paulendo wapansi ndi ana a sukulu, n'kukabisala nawo m'kalasi usiku wonse. Anaganiza zoti achinyamata oyenda akhale ndi malo ogona otchipa, ndipo mu 1912 hositelo yoyamba yokhazikika inayamba m'linga lakale la mafumu ku Altena. Anzathuwo anayambira m'nyumba ya mafumu kuti adzafike pamene ife tinali kale. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo akabwerera kwawo amazinyadira, mpaka kulemba mabuku.

Ukulu weniweni wa resitihausi uli apa: mlendo wake sasiyidwa ndi basi. Hotela yodula ndi yachinyengo. Makatani ake ochindikala ndi mapilo ake ofewa agonetsa anthu mpaka ndege kuwasiya. Resitihausi imadziwa kuti simunabwere kudzagona, munabwera kudzadikira kuti kuche, ndipo inagawa ntchito mwadongosolo kuti musaiwale. Bala yoyandikana nayo imakusungani maso mpaka 1 koloko. Nsikidzi zimalandirira pamenepo. Cha m'ma 3, wa ku Joni uja amayamba kukoka zikwama m'khonde ndi kumata katundu ndi tepi yolira kwambiri. Kenako mlonda amagogoda, osati chitseko cha amene anamutuma chokha, koma zonse motsatana, kuti pasakhale tsankho.

"Abwana a ku Mzuzu, madzi atentha!"

"Si ine, madala, ine ndi wa ku Zomba."

"Dzukanibe abwana, ndowa ndi imodzi."

Pofika 4 koloko muli kale m'depoti, mwasamba, maso ali gwa, mukukanda mkono, mwapeza mpando wa pawindo m'basi imene anyamata oitanira akulumbira kuti yatsala munthu mmodzi. Basiyo inyamuka 9 koloko ikadzaza. Limenelo ndi dandaulo lokatula kwa kondakitala, resitihausi inamaliza mbali yake pa nthawi yake.